Nyali za sola zolembedwa 300W m'misewu yakale ya Blantyre: kodi n'zogula?

M'mashopu a zamagetsi ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre mwadzaza nyali za sola za mumsewu zomwe ogulitsa amazitchula kuti all-in-one. Panelo, batire, kontirola (kachipangizo koyendetsa kuchaja kwa batire ndi kuyaka kwa nyali) ndi timababu ta LED zonse zili m'chibokosi chimodzi chophwatalala, ndipo pakatoni palembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti 200W, 300W, pena mpaka 500W. Makomiti a chitetezo cha m'dera, mipingo, eni malo ogona alendo ndi eni nyumba ku Mandala, Sunnyside, Namiwawa ndi Nyambadwe amakopeka nazo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Sizifuna waya wa ESCOM, sizifuna mita, magetsi akazima zimayakabe, ndipo anthu awiri ndi makwerero amazimangirira ola limodzi lisanathe.

Maganizo athu ndi awa: pa geti, pa khola la nkhuku kapena kuseri kwa nyumba, nyalizi zimagwira ntchito yake ndipo mtengo wake ndi woyenera. Koma kuunikira msewu wa m'dera lakale, lokhala ndi mitengo ikuluikulu ndi nyumba za njerwa za zaka zana, musaike ndalama za komiti pa izo. Zifukwa zake ndi zitatu: mphamvu yolembedwa pakatoni si yoona, panelo yake siyingalozetsedwe kudzuwa, ndipo mtundu wa kuwala kwake umaononga maonekedwe a malo omwe tikufuna kuwasunga.

Tiyambe ndi nambala ya pakatoniyo. Pemphani wogulitsa kuti akutsegulireni nyali yachionetsero. Mukamasula masikuluu a kumbuyo mupeza timabatire tozungulira tinayi kapena tisanu, tokutidwa ndi pulasitiki, tolumikizidwa ndi kachitsulo kopyapyala, pambali pake kabolodi kakang'ono ngati bokosi la machesi. Pachikutocho nthawi zambiri palembedwa 3.2V ndi 20Ah kapena kuyandikira pamenepo. Chulukitsani manambala awiriwo: 3.2 kuchulukitsa ndi 20 ndi 64Wh. Imeneyo ndiye mphamvu yonse yomwe nyaliyo ingasunge. Ikanakhala ya mawati 300 enieni, batire ikanatha m'mphindi 13. Kuti ifike m'mawa usiku wa maola 12, iyenera kudya mawati 5 okha pa avereji. Ndiye nyali yomwe mwagula ngati ya 300W ndi ya mawati asanu kapena asanu ndi limodzi, yomwe imawala kwambiri kwa masekondi ochepa munthu akadutsa, kenako n'kubwerera pa kuwala kwa mbuu.

Panelo nayo muiyese ndi tepi. Panelo yabwino imapereka mawati 180 mpaka 200 pa sikweya mita imodzi dzuwa lili paliwombo. Ya masentimita 60 m'litali ndi 25 m'lifupi ndi sikweya mita 0.15, choncho singapitirire mawati 30, kaya pepala lanena zotani. Mukaona kuti timabatire ta m'katimo n'tosiyana mtundu wa chikuto, kapena kumutu kwake kuli zipsera za kuwotcherera kwakale, dziwani kuti tinagwirapo ntchito kwina, ndipo 20Ah yolembedwayo siyifika.

Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala vutoli silioneka. Dzuwa ndi lambiri, batire imadzaza tsiku lililonse, aliyense mumsewu akuyamikira. Mayeso enieni amabwera ndi chiperoni, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Usiku ndi wautali, mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo chifunga ndi mvula yowaza zimatha kukhala masiku awiri, atatu kapena kuposa. Mitambo ikakhuthala panelo imapereka gawo limodzi mwa magawo anayi la mphamvu yake, pena kucheperapo. Batire ya 64Wh ilibe chosungira cha mawa. Usiku woyamba nyali imafika 2 koloko, wachiwiri 10 koloko, wachitatu imangophethira madzulo n'kuzima. Ndipo ndi nthawi yomweyi pamene anthu oweruka kuntchito amatsika minibasi kuli kale mdima.

Chachiwiri ndi choti panelo ndi nyali ndi thupi limodzi. Blantyre ali pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa equator, kutanthauza kuti miyezi yambiri, makamaka yozizira, dzuwa limadutsa chakumpoto. Panelo iyenera kuyang'ana kumpoto, yopendekeka madigiri 15 mpaka 20. Mukaima ku Mandala kapena ku Sunnyside, phiri la Soche likhale kumsana kwa panelo. Koma nyali ya all-in-one imayang'ana komwe msewu uli. Ngati pholo lili kummwera kwa msewu, kapena msewu ukuchokera kumpoto kulowera kummwera, panelo ipendekera komwe mkono wa pholo waipendeketsa, osati komwe dzuwa lili. Ambiri amangoigoneka chafulati, ndipo ikagona chafulati madzi a mvula satsuka fumbi, amangolisonkhanitsa m'mphepete n'kuuma ngati matope.

Pamwamba pa izi pali mitengo. Chomwe chimakongoletsa madera akale a Blantyre ndi jakaranda, mango ndi mitengo ina yomwe inadzalidwa kalekale, ndipo nthambi zake zimakumana pamwamba pa msewu. Panelo ili ndi timagawo tolumikizana motsatana ngati mikanda. Mthunzi wa nthambi imodzi ukaphimba timagawo tiwiri, mphamvu ya mzere wonse imagwa, osati ya tiwirito tokha. Amisiri ena yankho lawo ndi chikwanje. Ife tikukana zimenezo kwamtuwagalu. Mtengo wa zaka 70 sungadulidwe chifukwa cha nyali yomwe ikhale zaka ziwiri kapena zitatu. Chosuntha ndi panelo.

Tsopano za kuwala kwenikweniko, komwe ogulitsa sakambako n'komwe. Pafupifupi nyali zonsezi ndi za 6500K, kuwala koyera kopita ku buluu ngati kwa m'chipinda cha opaleshoni. Nambala ya K ikakwera kuwala kumazizira, ikatsika kumafunda. Nyali zakale za sodium zomwe zinkaunikira misewu yathu, zachikasu zija, zinali pafupifupi 2000K. Babu lakale la m'nyumba la kawaya m'kati linali 2700K.

Taganizirani tchalitchi cha St Michael and All Angels ku mishoni ya Blantyre, chomwe M'busa David Clement Scott anamanga ndi anthu a kuno pakati pa 1888 ndi 1891, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo, zamaonekedwe osiyanasiyana. Dzuwa likamalowa khoma lake limapsa psuu, ndipo njerwa iliyonse yotulukira kunja imakhala ndi kamthunzi kake pansi. Mukawalitsapo 6500K kufiira konse kuja kumafa, njerwa zimaoneka zotuwa ngati mabuloko a simenti, ndipo poti kuwalako kumachokera pa timababu tosaphimbidwa, diso limathawa nyaliyo m'malo moona khoma. Pa 2700K kapena 3000K njerwa imakhalabe njerwa. N'chimodzimodzi ndi Mandala House, nyumba ya 1882 ya kampani ya African Lakes yokhala ndi khonde lamatabwa mozungulira. Dzina loti Mandala linachokera pa kunyezimira kwa magalasi a m'maso a John Moir. Nyumbayo siyifunanso china chothobwa m'maso.

Pakatoni funani manambala awiri: 2700K kapena 3000K, ndi CRI yosachepera 80. CRI imanena momwe mitundu ya zinthu imaonekera pansi pa nyaliyo. Ya 70 imakwanira pamsewu waukulu ngati Chipembere Highway, koma pomwe pali njerwa, matabwa ndi maluwa kusiyana kwake kumaoneka. Palinso phindu lina lomwe aliyense wa kuno alimvetsa: mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimathamangira kwambiri kuwala koyera kwa buluu kusiyana ndi kofunda. Ngumbi zikachuluka pa nyali, akangaude ndi nalimata amatsatira, galasi limada, ndipo sensa imaphimbika.

Sensa yoona kuyenda kwa munthu nayo ili ndi vuto lake m'dera logonamo anthu. Galu akadutsa imayaka, nthambi yofunda ikagwedezeka ndi mphepo pena imayaka, ndipo wogona m'chipinda choyang'ana kumsewu amaona makatani akuwala ndi kuzima usiku wonse. Komanso diso la munthu woyenda pansi likazolowera kuwala kwadzidzidzi, mamita 10 otsatirawo limaona mdima wa ndiweyani kuposa poyamba. Kuwala kochepa koma kosasintha, kofanana kuchokera pholo ili kufika linalo, kumateteza bwino kuposa kung'anima.

Nanga mugule chiyani? Mtundu womwe tikuuvomereza ndi wolekanitsa zida, womwe m'mashopu amati split: nyali payokha, panelo payokha, batire ndi kontirola m'bokosi lawo. Ndi wokwera mtengo, kawiri kapena kupitirira, koma chida chilichonse chikafa mumasintha chokhacho, ndipo panelo mumailozetsa komwe mukufuna.

Nayi masamu ya pholo limodzi pa msewu wopapatiza wa m'dera logonamo anthu. Nyali ya LED ya mawati 20 enieni, yopereka malumeni (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) 130 mpaka 150 pa wati, imatulutsa malumeni 2,600 mpaka 3,000, ndipo pa pholo la mamita 5 amenewo ndi okwanira. Kontirola muitchere kuti maola 5 oyamba nyali iziyaka ndi mphamvu yonse, zomwe ndi 100Wh, ndipo maola 7 otsalawo itsike pa 40 peresenti, mawati 8, zomwe ndi 56Wh. Usiku umodzi ndi 156Wh. Chifukwa cha chiperoni muwerengere mausiku atatu opanda dzuwa lokwanira: 468Wh. Batire siyenera kukhuthulidwa yonse, choncho gawani ndi 0.8, mupeza 585Wh. Pa batire ya lithium ya mtundu wa LiFePO4 ya 12.8V imeneyo ndi 46Ah, ndiye gulani ya 50Ah. Panelo: muwerengere maola 4 a dzuwa lamphamvu pa tsiku la nyengo yozizira, ndi kutayika kwa 30 peresenti chifukwa cha fumbi, kutentha ndi mawaya. Mupeza mawati 56 ongobwezera zomwe zadyedwa usiku umodzi. Koma chiperoni chikatha panelo iyenera kudyetsa usiku wa lero ndi kubwezanso ngongole ya masiku atatu aja, n'chifukwa chake timati 80W mpaka 100W. Yerekezani 640Wh ya batire imeneyi ndi 64Wh ya all-in-one ija: ndi kakhumi.

Batire ikhale LiFePO4, osati ya asidi kapena ya gel. Ya gel m'bokosi lachitsulo padzuwa la Okutobala imakalamba msanga, komanso ili ndi msika wa mbava chifukwa imakwana pa sola ya m'nyumba. Makontirola ali mitundu iwiri, MPPT ndi PWM. Yanu ikhale ya MPPT yomwe yalembedwa kuti ndi ya lithium. Ya PWM yotcheredwa ku batire ya asidi sidzaza lithium moyenera, ndipo tsiku la mitambo imakolola zochepa. Nyali ikhale ya thupi la aluminiyamu, ya IP65 kapena IP66 (chizindikiro choti fumbi ndi mvula sizilowa), ya galasi lenileni. Ya thupi la pulasitiki imauma ndi dzuwa n'kuyamba ming'alu pa masikuluu, ndipo chophimba cha pulasitiki chotsika mtengo chimasanduka chachikasu n'kudya kuwala.

Za maonekedwe, apa ndi pomwe dera lakale limasiyana ndi malo oimika magalimoto. Pholo lisapitirire mamita 5, ndipo m'tinjira ta oyenda pansi mamita 3.5 mpaka 4 ndi abwino. Likatalika nyali imalowa m'masamba a mtengo, kuwala kumathera mmwamba, pansi pali mithunzi yokhayokha. Mtunda pakati pa mapolo ukhale kutalika kwa pholo kuchulukitsa katatu kapena kanayi, mamita 15 mpaka 20 pa pholo la mamita 5. Nyali zamaonekedwe akale, zokhala pamutu pa pholo ngati nyali ya galasi, zilipo, koma sankhani yomwe LED yake yabisika m'denga la nyaliyo ndipo ikuyang'ana pansi. Yokhala ndi babu pakati pa galasi loonekera imataya theka la kuwala m'mazenera a anthu ndi kumwamba. Penti ikhale yakuda kapena yobiriwira modera, yosanyezimira. Pholo la galvanized losapentedwa limang'anima masana ngati lata latsopano, ndipo pafupi ndi mpanda wa njerwa zakale limaoneka mlendo. Polipenta yambani ndi penti yoyambira yogwira pa chitsulo yotchedwa etch primer, apo ayi penti imasupuka ngati khungu la njoka mvula yoyamba.

Panelo ya 100W pamwamba pa nyali yamaonekedwe akale siyikongola, tisanamizane. Njira yomwe imathetsa mavuto atatu pakamodzi, mthunzi, maonekedwe ndi umbava, ndiyo kuika mapanelo ndi batire malo amodzi m'kati mwa mpanda wa munthu kapena wa mpingo, pa denga la galaja kapena la nyumba ya mlonda, n'kudyetsa mapolo anayi kapena asanu kudzera pa waya wokwiriridwa. Pamenepo gwiritsani ntchito 24V, osati 12V, chifukwa pa 12V mphamvu yambiri imathera m'waya. Nyali zinayi za mawati 20 pa 24V zimakoka maampu 3.3, ndipo waya wa kopa wa 4mm² umakwanira ngati pholo lomaliza silipitirira mamita 50 kuchokera pa batire. Kupitirira apo kulitsani waya kapena ikani batire pakati pa mzere. Ngalande ikhale yakuya masentimita 50 mpaka 60, waya m'paipi ya conduit ya 25mm, mchenga pansi ndi pamwamba, kenako tepi yochenjeza musanamalize kukwirira. Pa batire payikidwe fyuzi. Batire ya lithium ikachita shoti imatulutsa moto wokwanira kusungunula waya.

Kulumikiza ku ESCOM ndi njira inanso, ndipo nyali zake n'zotsika mtengo chifukwa palibe batire. Koma onse tikukumbukira zomwe zinachitika namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, pamene mamegawati pafupifupi 130 anachoka pakamodzi ndipo mdima unakhala wa tsiku ndi tsiku. Mukasankha njirayi, nyali iliyonse ikhale ndi surge protector (kachipangizo koteteza magetsi akakwera mwadzidzidzi) ya 10kV, chifukwa mphenzi za Disembala ndi kubwera kwadzidzidzi kwa magetsi zimapha driver, kabolodi kopereka magetsi ku timababu ta LED, ndipo ntchitoyo agwire wamagetsi wa chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Musanakumbe, pitani kukhonsolo ya mzinda wa Blantyre. M'mphepete mwa msewu si malo a mwini nyumba, ngakhale akhale iye amatchetcha kapinga, ndipo pansi pake pamadutsa mapaipi a Blantyre Water Board, mawaya a magetsi ndi a intaneti. Mapolo a ESCOM si omangirirapo nyali zanu. Ngati nyumbayo ndi yotetezedwa ngati chipilala cha dziko, a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ayenera kudziwa musanakhudze chilichonse. Ndipo ngakhale nyumba isakhale pa mndandanda umenewo, musaboole njerwa zakale kuti mumangirire bulaketi. Njerwa zimenezo n'zofewa, zambiri zinamangidwa ndi laimu kapena dothi, ndipo bawuti yofufuma imazing'amba. Bowolo limalowetsa madzi, chitsulo chimachita dzimbiri n'kutupa, ndipo pakatha zaka zingapo nkhope ya njerwa imagwa. Nyali iime payokha, mita imodzi kapena kuposa kuchoka pa khoma.

Maziko a pholo la mamita 5: dzenje la masentimita 60 mbali zonse, lakuya 90. Ngati pamwamba pali panelo, kapena dothi ndi lothira, kuzani mpaka mita imodzi ndi kukulitsa, chifukwa panelo imagwira mphepo ngati tanga la bwato. Konkire ya 1:2:4 (gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga, anayi a kwale) pa dzenje la 60 ndi 60 ndi 90 imadya matumba awiri a simenti a makilogalamu 50, mawilibala awiri a mchenga wa kumtsinje ndi anayi a kwale. Mabawuti anayi a M16 opindika kumunsi, kapena M20 ngati pali panelo, muwagwirizitse ndi thabwa loboola molingana ndi mbale ya pholo, ndipo mano ake muwakulunge ndi pepala la pulasitiki konkire isanathiridwe. Paipi ya waya itulukire pakati. Konkire ikwere masentimita 5 pamwamba pa nthaka ndipo ipendekere kunja, kuti madzi asaime patsinde. Muzithirira masiku 7 musanaimike pholo. Amisiri ofulumira amaimika tsiku lachiwiri, ndipo ndiwo mapolo omwe mumawaona atawerama mvula ikatha. Chitsulo cha pholo chisachepere 3mm kukhuthala, ndipo chikhale cha hot-dip galvanized. Paipi wamba yopentedwa kunja kokha imadyeka kuchokera m'kati, pomwe madzi a mame amasonkhana, ndipo imathyokera patsinde kunja kukuoneka bwinobwino. Pansi pa mbale siyani kampata kotulukira madzi. Pholo lililonse lilumikizidwe ku ndodo ya earth yokhomedwa pansi mamita 1.2 kapena kuposa.

Za mbava tinene zoona: pholo lililonse lokhala ndi batire ndi panelo ndi nyambo. Bokosi la batire likhale pamwamba, pansi pa mthunzi wa panelo, osati patsinde. Manati a panelo akhale oduka mutu akamangidwa, kapena wowotcherera adonthezepo kadontho kamodzi. Lembani ndi penti yosafufutika dzina la msewu ndi nambala ya pholo kumsana kwa panelo ndi pa batire, kuti wogula katundu wakuba aganize kawiri. Apa all-in-one ndiyo yosavuta kuba kuposa zonse: mabawuti awiri kapena anayi, sipanala imodzi, munthu watsika nayo pansi pa mkhwapa.

Kusamalira si kwambiri, koma kukaiwalika nyali yabwino imafa ngati yoipa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba, panelo ipukutidwe kamodzi pa mwezi, m'mawa isanatenthe, ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa. Madzi ozizira pa galasi lotentha masana angaliswe, ndipo sopo waufa amasiya nkhungu yomwe imakola fumbi. Jakaranda akamayoyola maluwa mu Seputembala ndi Okutobala onjezani ulendo, chifukwa maluwawo akanyowa amamatirira. Zitosi za mbalame ndi za mileme musazisiye: kadontho kamodzi kamatenthetsa kagawo komwe kaphimbidwa, ndipo pakapita nthawi pamapsa mpaka kalekale. Muzisadza nthambi kamodzi pa chaka, mu Epulo kapena Meyi, chifukwa dzuwa la miyezi yozizira limatsika chakumpoto ndipo nthambi yomwe sinkavuta mu Disembala imayamba kuphimba panelo mu Juni.

Mvula isanayambe, mu Okutobala, tsegulani bokosi lililonse. Nyerere zimakonda kumanga pa kontirola chifukwa pamafunda, ndipo dothi lomwe zimabweretsa likanyowa limachititsa shoti. Pomwe waya ukulowa pakhale gland (kanati kothina waya kuti madzi asalowe) yomangika bwino, yoyang'ana pansi, ndipo waya apindike pang'ono kunsi asanalowe kuti dontho ligwe panja. Mukaona mame m'kati mwa galasi la nyali, labala ya chitseko yatha. Isintheni, musamate silikoni ponseponse, chifukwa mukatseka zonse chinyontho chomwe chalowa kale sichituluka. Mangitsani manati a patsinde, ndipo pomwe penti yasupuka palani ndi kupentanso.

Nyali ikayamba kuvuta, multimeter, chida choyezera magetsi, imakuuzani zambiri musanagule chilichonse. Batire ya LiFePO4 ya 12.8V yodzaza imaonetsa 13.3V mpaka 13.6V ikapuma madzulo, ndipo pochajidwa imakwera mpaka 14.4V kapena 14.6V. Ngati madzulo a tsiku la dzuwa ili pansi pa 13V, siyikudzaza: yang'anani fumbi, mthunzi, ndi zolumikizira za panelo zomwe zimachita dzimbiri lobiriwira. Ngati imadzaza msanga masana koma nyali imazima pakati pa usiku, batire yakalamba kapena gawo limodzi m'kati mwake lafooka, ndipo bolodi yoteteza ikudula msanga. Nyali yoyaka masana nthawi zambiri ndi panelo yomwe waya wake waduka, popeza kontirola imadziwa kuti kwada poona kuti panelo yasiya kupereka mphamvu. Nyali yomwe imayaka, kuzima, kuyakanso madzulo ikuona kuwala kwina, kwa nyali ya pa mpanda kapena kwake komwe, kukugwera pa panelo. Ikamaphethira mosalekeza batire ili bwino, ndi driver. Posintha zida, lumikizani batire ku kontirola poyamba, nyali kachiwiri, panelo pomaliza, ndipo pomasula yambani ndi panelo. Makontirola ambiri amapsa kapena kusokonezeka chifukwa cholumikiza panelo batire isanalowe.

Za mashopu enieniwo: kusiyana kwawo sikuli pa mtengo koma pa zomwe angakuyankheni. Wogulitsa wodziwa katundu wake amakuuzani ma Wh a batire, malumeni a nyali ndi nambala ya K osayang'ana kudenga, ndipo amakhala ndi kontirola ndi driver zapadera pa shelefu. Wongoloza 300W ya pakatoni n'kukuyatsirani nyali m'maso masana m'shopu sakuthandizani, chifukwa nyali iliyonse imathobwa mukaiyang'ana pafupi. Koteshoni ilembedwe chida ndi chida, osati mtengo umodzi wa pholo lonse, ndipo pakhale tsiku lomwe ithere, popeza katunduyu ndi wochokera kunja ndipo mtengo wake umayenda ndi kwacha, monga tinaonera itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Waranti ilembedwe pa lisiti, ndipo itchule batire mwachindunji. Ambiri amati chaka chimodzi pakamwa, koma batire ikafa amati imeneyo siyiwerengedwa.

Musagule khumi pakamodzi. Gulani imodzi, isiyeni idzaze masiku awiri a dzuwa, kenako phimbani panelo ndi katoni masana atatu otsatizana, muzivundukula madzulo kutada, ndipo mlonda azilemba nthawi yomwe nyali yazima usiku uliwonse. Ya split yowerengedwa monga tafotokozera ifika m'mawa mausiku onse atatu. Poyesa, kumbukirani kuti mukaphimba panelo kontirola iganiza kuti kwada n'kuyatsa nyali masana, choncho m'mawa muzimasula waya wa nyali kapena kuizimitsa ndi rimoti, n'kuibwezera madzulo. Usiku womwewo imani kutsidya kwa msewu, muone ngati kuwala kukulowa m'zenera la mnansi, ndipo muone mtundu wa njerwa za mpanda. Ngati n'kotheka mayesowa achitike mu Juni kapena Julayi, komiti isanatulutse ndalama za mapolo otsalawo.